Foni Yake Inagona kwa Che Idrissa

Gilson anangomva mawu otsiriza okha: "...ndiye iwe ukuti bwanji?"

Anadzutsa mutu. Hanifa anali atakhala pamwala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri la Zomba, mpango wake wakumutu ukupepeluka ndi kamphepo kochokera m'mapaini. M'manja anali ndi kapepala ka mabulosi amene anagula panjira pokwera. Anali asanadye ndi limodzi lomwe.

"Ndikuti ndi zoona," anatero Gilson.

"Zoona ziti?"

"Zimene wanenazo."

"Ndanena kuti amalume ayamba kumvetsera za Mahmud. Akwawo akufuna kubwera kudzandifunsira. Ndiye iwe ukuti ndi zoona?"

Chala cha Gilson chinali chikadali pagalasi la foni. Pagalasipo munthu wina wa kutsidya kwa nyanja, amene sadzaonana naye mpaka kufa, ankakazinga mazira pa injini ya galimoto. Gilson anali atamuonera kale kawiri.

"Ndimangoona nthawi."

"Nthawi yako imakazinga mazira?"

Anali atakondana kwa chaka ndi miyezi iwiri, onse awiri ophunzira a chaka chachitatu pa yunivesite ya m'munsi mwa phirilo. Gilson anali mwana wa mpingo wa CCAP. Hanifa anali Msilamu, woleredwa ndi amalume ake, Che Idrissa, ogulitsa nsalu ku Chinamwali, amene sankadziwa n'komwe kuti padziko pano pali munthu wotchedwa Gilson. Ngakhale pomufunsira, Gilson sanatsegule pakamwa. Analemba uthenga, kuufufuta, kuulembanso kasanu ndi kawiri, n'kuutumiza ali patebulo lachitatu kuchokera pamene Hanifa anakhala m'laibulale. Nthawi imeneyo Hanifa anaseka mpaka woyang'anira mabuku anamutulutsa. Tsopano anali atasiya kuseka.

"Mayeso ako obwereza ndi Lachisanu," anatero Hanifa. "Sapu yomaliza. Ukalephera imeneyi akuwida, akuchotsa sukulu, ubwerera kumudzi ndi chikwama chokha. Wawerenga masamba angati sabata yonseyi?"

Gilson anayang'ana madzi.

"Ndikufunsa iwe, Gilson."

"Ndikatsegula buku, mutu umangoti waa. Ndimati ndifufuze kamawu kamodzi kokha pa intaneti. Ndikamadzazindikira, dzuwa lalowa. Ndayesa, Hanifa. Sindingathe. Anzanga ali ndi mitu yowerengera, ine ndilibe."

"Mutu umene unakhoza ndi mapointi khumi ndi awiri ku sekondale uja unapita kuti?"

"Tinauika m'manda limodzi ndi amayi."

Sanafune kunena zimenezo, zinangotuluka. Amayi ake anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira, atagona m'chipatala milungu isanu. Analibe mwana wamkazi, ndiye Gilson ndi amene ankakhala nawo masana onse. Foni inkamuthandiza kuti asamve kubuula kwa m'wodimo. Tsiku lotsiriza anali pampando pambali pa bedi, mahedifoni ali m'makutu, akuonera anthu akuvina. Mayi wa pabedi loyandikana ndiye anamugwedeza phewa. "Achimwene, amayi anu anakuitanani kawiri." Pochotsa mahedifoniwo, amayi anali atapita. Kuyambira pamenepo, paliponse pakangoti zii, Gilson ankamva kuitana kuja kumene sanakumve. Foni yokha ndiyo inkakuphimba.

Hanifa yekha ndiye ankaidziwa nkhaniyi. Anaika mabulosi pamwala, n'kumugwira dzanja kanthawi. Kenako anatambasula chikhatho.

"Ndipatse."

"Chiyani?"

"Foniyo. Ndikusungira mpaka utatuluka m'mayeso Lachisanu."

"Hanifa, muli manotsi anga onse."

"Manotsi ali m'makope a Elvis, mnzako umagona naye chipinda chimodzi. Tamvera. Ine ndikufuna kukaima pamaso pa amalume n'kuwauza kuti Mahmud ayi, ndili naye wanga. Adzandikalipira, adzandifunsa za chipembedzo chako, azakhali adzalira. Zonsezo ndingapirire chifukwa cha mwamuna. Koma chifukwa cha munthu amene sangandiyang'ane m'maso mphindi zisanu, ayi ndithu. Masiku asanu opanda intaneti. Osati pafoni yako, osati pa ya mnzako. Ukakwanitsa, ndikayankhula ndi amalume. Ukalephera, tisanamizane."

"Nanga ndikakufuna?"

"Chinamwali sichinasamuke. Miyendo uli nayo."

Chifunga chinayamba kutsika kuchokera kumapaini n'kuphimba tsidya lina la damu. Gilson anaizimitsa yekha foniyo. Inali yofunda ngati kamwanapiye. Hanifa anaikulunga m'kansalu n'kuiponya m'chikwama, ndipo potsika phiri Gilson ankangoyang'ana chikwamacho ngati muli mwana wake.

*

Lolemba linali lalitali ngati maliro a kutali.

M'kachipinda kawo ka ku Chikanda, Gilson anakhala patebulo ndi makope a masamu. Ntchafu yake yakumanja inkanjenjemera yokha ngati kwabwera uthenga. Dzanja linkathamangira m'thumba n'kupezamo mpango wopukutira thukuta basi.

"Kachisanu ndi chitatu kameneko, aise," anatero Elvis ali chigonere pabedi. "Ndikuwerenga. Ukafika makumi awiri ndikugulira chipisi."

"Ndisiye."

"Mkazi wakulanda foni musanakwatirane. Mukadzakwatirana adzakulanda nsapato."

Gilson anatuluka, anazungulira nyumba, anabwerera. Anamwa madzi asanamve ludzu. Anatsuka mbale zotsukatsuka kale. Pakati pa zonsezo anawerenga masamba anayi, ndipo m'makutu mwake mawu a amayi ake ankangobwera. Anawasiya abwere, poti kothawira kunalibe. Analira pang'ono atafundira kumutu, Elvis n'kunamizira kuti akugona.

Lachiwiri anawerenga masamba khumi ndi limodzi. Chakumadzulo anatenga funso la mayeso a chaka chatha, lija linamugwetsa, n'kuyamba kulisova mzere ndi mzere. Kawiri konse anafika pamene nthawi zonse ankathamangira kukafunsa intaneti. Kokafunsa kunalibe, ndiye anabwerera kumtunda kwa tsamba n'kuyambiranso. Yankho litatuluka, analifananitsa ndi la m'kope la Elvis. Linali lomwelo.

Anakhala akuyang'ana pepalalo ngati lalembedwa ndi mlendo.

"Elvis, taona. Ndasova ndekha."

"Ndiye tiyimbe ng'oma?"

Gilson anaseka, koyamba pa masiku ambiri. Anafuna kumuuza Hanifa nthawi yomweyo. Dzanja linalowa m'thumba.

"Makumi awiri ndi limodzi," anatero Elvis.

*

Lachitatu masana Elvis anali pa laputopu yake, akuyendayenda pa masamba a mchezo. Mwadzidzidzi anati, "Eee!" n'kutseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndi chiyani?"

"Palibe. Werenga."

"Elvis."

"Ndaona mlamu. Koma iwe usaone, zingokusokoneza. Tsala ndi masamu ako, ine ndikasambe."

Anatenga ndowa n'kutuluka. Laputopu anaisiya chitsegukire pabedi.

Gilson anawerenga mzere umodzi kanayi. Anaima, anakhala. Anadziuza kuti kuyang'ana galasi la munthu wina patali si kulowa pa intaneti. Anasendera pafupi.

Linali tsamba la Mahmud. Gilson ankamudziwa mwamunayo mongomva: mwana wa mnzawo wa Che Idrissa, wogulitsa zipangizo za galimoto m'tauni, womaliza kale sukulu, wosaphonya Juma, mapemphero a Lachisanu. Pachithunzipo Hanifa anali atavala diresi lagolide, akumwetulira pambali pa galimoto yoyera. Mahmud anaima pafupi kwambiri, phewa lake kutsala pang'ono kukhudza la Hanifa. Pamwamba panalembedwa kuti, "Zabwino zili pafupi, Inshallah." Pansi anthu oposa mazana awiri anali ataikapo timitima. Wina analemba, "Mpunga wa ukwati tikuudikira." Wina, "Mwasankha bwino, bwana."

Chithunzicho chinali chitaikidwa m'mawa womwewo.

Ndiye n'chifukwa chake anandilanda foni, anaganiza Gilson. Kuti ndisaone. Ine ndikulimbana ndi masamu ngati chitsiru, iye akujambulitsa ndi wagalimoto.

Kuchokera ku Chikanda kukafika ku Chinamwali, kabaza samatha theka la ola. Akanatha kupita, kuima pakhomo la sitolo, kudikira Hanifa atuluke n'kumufunsa. Anaganizadi zimenezo. Koma ataona m'maganizo mwake ali chiimire pamaso pa anthu, lilime litauma, analisiya ganizolo. Pakamwa pake sanapakhulupirirepo chiyambire. Zala zokha ndizo zinali zolimba mtima.

Anachotsa dzina la Elvis n'kulowetsa lake. Pansi pa chithunzicho, pamene aliyense akanawerenga, analemba:

"Hanifa, foni yanga imene ukugona nayo kuchipinda kwakoyo undibwezere kaye. Ukatero uzipita bwino ndi wagalimoto wakoyo."

Anatumiza. Mtima unagunda, kenako unati phee, monga umachitira munthu akamwa madzi atayenda padzuwa. Pakona pa galasi panali mauthenga makumi asanu ndi atatu omudikira. Anati angoona awiri.

Elvis atasamba anamupeza pamenepo, anapukusa mutu n'kupita kokaonera mpira. Pobwerera, mthunzi wa mtengo wa mango unali utafika pakhomo, Gilson ali pomwe paja, khosi litapindika.

"Aise, waona zimene wayambitsa?"

Pansi pa mawu ake aja panali mayankho oposa makumi anayi, ambiri a nkhope zoseka. Loyamba linali la Mahmud, laulemu ngati kalata ya kuofesi: "Zikomo kwambiri achimwene potidziwitsa."

Gilson anafufuta mawu ake msangamsanga.

"Ukufufuta chiyani tsopano?" anatero Elvis. "Anthu ajambula kale. M'gulu la kalasi yathu chafika kawiri."

*

Hanifa anabwera Lachinayi m'mawa. Sanalowe m'geti. Wakabaza anamudikira cha patali, phazi limodzi lili pansi. Maso a Hanifa anali otupa, koma mawu ake anali ouma.

"A Gilson, ndili ndi mphindi khumi. Azakhali akudziwa kuti ndapita kukagula ulusi."

Chiyambire anali asanamutchulepo choncho.

"Hanifa, ndinaona chithunzi chija, ndiye..."

"Chithunzi cha mu Epulo. Ukwati wa mchemwali wake wa Mahmud, ku Liwonde. Mbali inayo kunaima azakhali, iye wawadula. Diresi limenelo simukulikumbuka? Chithunzi chomwecho ndinakutumizirani tsiku lomwelo, azakhali ali pomwepo. Munaikapo kamtima."

Gilson anafufuza m'mutu mwake. Sanapezemo kanthu.

"Munaikapo kamtima musanachiyang'ane n'komwe," anatero Hanifa. "Ine ndinakhala ola lathunthu ndikusankha chokutumizirani."

"Pepa."

"Dikirani, sindinamalize. Dzulo madzulo Mahmud anabwera kunyumba ndi mawu anu aja atawajambula. Anawawerengera amalume mokweza, kawiri. Amalume anatuma azakhali kukasecha m'chipinda changa. Foniyo anaipeza m'sutikesi, pansi pa zovala zamkati, yokulungidwa bwinobwino m'kansalu. Mukudziwa chimene akuluakulu amaona mtsikana akabisa katundu wa mwamuna pamalo otero?"

Gilson anadziwa asanamve.

"Chikole," anatero Hanifa. "Mphatso imene mwamuna amapereka mkazi akamulola ukwati. Kale unali mpango kapena ndolo, masiku ano anyamata amapereka foni. Ndiye kwa amalume, ine ndalandira chikole mobisa, popanda ankhoswe, kwa Mkhristu amene sakumudziwa. Ndipo Zomba yense wawerenga kuti ndimagona nacho."

"Sunawafotokozere?"

"Ndinawauza zoona zonse. Amalume anaseka. Akuti, 'Mnyamata wa masiku ano kupereka foni yake kuti awerenge? Undinamize bwino, mwana iwe.' Auza akwawo a Mahmud kuti abwere Loweruka, manyazi asanafike kumzikiti."

Galimoto inadutsa n'kuwathira fumbi.

"Amalume akumufuna mwini foni kusitolo lero, wani koloko ikadutsa, akabwerako kopemphera. Mukafuna bwerani, mukafuna musabwere. Koma mudziwe kuti kumeneko kulibe polemba. N'pakamwa basi."

"Nanga ife, Hanifa?"

"Munalonjeza masiku asanu. Munakwanitsa awiri ndi theka."

"Lachiwiri ndinasova funso ndekha. Ndinkafuna ndikuuze."

Nkhope ya Hanifa inafewa kamphindi, ndipo zimenezo zinamupweteka Gilson kuposa ukali uja.

"Mukanabwera kudzandiuza," anatero. "Ndikanatuluka."

Anakwera kabaza n'kukonza mpango wake. Sanacheuke.

*

Gilson anapita wapansi, kuti apeze nthawi yokonza mawu. Pofika pamsika wa Chinamwali anali atakonza ziganizo zisanu ndi chimodzi. Pamene ankaponda pakhonde la sitolo, zonse zinali zitathawa.

Sitolo ya Che Idrissa inali yopapatiza, zitenje zitapachikidwa kuchokera kudenga mpaka pansi, fungo la nsalu zatsopano lili thoo. Mwini wake anali bambo wamfupi wa ndevu za imvi, kofiya yoyera kumutu, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Ankayeza nsalu ya mayi wina ndi ndodo ya mita. Pakona, pamwamba pa belo la nsalu, panakhala Mahmud, atavala malaya osita bwino, akuseweretsa makiyi a galimoto. Kumbuyo kwa kauntala Hanifa ankapinda zitenje, maso ali pansi.

Pakauntalapo, pakati pa lumo ndi choko, panali foni ya Gilson.

"Odi," anatero Gilson. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Che Idrissa sanacheuke. Anamaliza kuyeza, anadula, anapinda, anatsanzikana ndi mayiyo mpaka kufunsa za ana onse. Kenako anavula magalasi.

"Ndinu eni ake a mwana wolirayu?"

Foni inanjenjemera pakauntala ngati yamva.

"Ndinaiyatsa m'mawa kuti ndione nkhope ya mwini wake. Kuyambira pamenepo sinapume. Ngakhale mbuzi yomangidwa imatopa. Dzina ndani?"

"Gi... Gilson, bambo."

"Kwanu?"

"Kupitirira Jali."

"Makolo?"

"Amayi anatisiya chaka chatha. Bambo kalekale. Atsala amalume, a Douglas."

"Pepani ndi zimenezo." Ananena moona mtima. "Tsopano a Gilson, tandiuzani. Dzulo munali ndi mawu ambiri pamaso pa Zomba yense. Anenereni pano, ine ndimve ndi makutu anga."

Gilson anatsegula pakamwa. Foni inanjenjemeranso, galasi n'kuwala, ndipo maso ake anapita komweko okha.

"Mupatseni pepala alembe, Che Idrissa," anatero Mahmud. "Pakamwapo palibe netiweki."

"Mahmud, ndikafuna wondithandiza kuyankhula ndidzakuitana."

Makiyi anasiya kulira.

Che Idrissa anatenga ndodo ya mita n'kuigoneka pakauntala. "Ine sukulu zanuzo sindinapite. Chimene ndimadziwa ndi kuyeza. Nsalu ikakhala mamita awiri, ndi awiri, palibe za mwina. Mwana wa mlongo wangayu akuti chinthu ichi amangokusungirani. Mkazi wanga akuti ndi chikole. Inu ndiye mundiuze. Ngati si chikole, tengani katundu wanu, mutuluke, ndipo dzina la Hanifa musadzalitchulenso, kaya pakamwa kaya pagalasi. Nkhani ithera pomwepo. Ngati ndi chikole, chisiyeni pamene chilipo, mukatenge amalume anu tidzakambirane ngati anthu. Za chipembedzo tidzaziyamba pamenepo, ndipo sindikukulonjezani kanthu."

Anakankha foniyo ndi nsonga ya ndodo mpaka inafika m'mphepete mwa kauntala, pafupi ndi mimba ya Gilson.

"Sankhani."

Inali pomwepo, ndi mng'alu wake wa pakona umene chala chake chinkaudziwa ngati chipsera cha pathupi. Inanjenjemera kachitatu. Gilson anaona dzanja lake likunyamuka lokha. Anamva Mahmud akuseka chamumphuno. Hanifa anali atasiya kupinda. Sanamuyang'ane kumaso, ankayang'ana dzanjalo.

Gilson analibweza n'kuligwira ndi linzake kumbuyo, mwamphamvu mpaka zala zinapweteka.

"Sichinali chikole, bambo."

"Ndiye tengani."

"Ayi, ndiloleni ndimalize. Ndimachedwa kuyankhula, koma ndimaliza." Anadzutsa mutu. "Hanifa anakuuzani zoona. Anandilanda chifukwa ndikudwala nayo. Ndimadzuka nayo, ndimadya nayo, sukulu ikundikanika chifukwa cha iyo. Iye amafuna kundithandiza. Ine ndinaona chithunzi, ndinapsa mtima, ndipo m'malo mobwera kudzafunsa ndinalemba, chifukwa ndine wamantha. Ndamuchititsa manyazi mwana wanu popanda chimene analakwa. Wolakwa ndine ndekha."

Mawu ankatuluka, limodzi pambuyo pa linzake, monga mizere ya funso lija.

"Koma kuitenga sinditenga. Chinthu china cha mtengo ndilibe, ndipo palibe chimene chimandivuta kusiya kuposa ichi. Ngati sichinali chikole dzulo, chikhale chikole lero. Ngati mwini wake angalole."

Kunja wogulitsa nthochi ankakangana ndi wakabaza.

"Che Idrissa, musamvere zimenezi," anatero Mahmud ataimirira. "Munthu wavomera yekha kuti ndi wodwala. Mawa akumuthamangitsa sukulu. Foni yong'aluka ngati imeneyi ingakhale chikole cha mwana wa nyumba ino?"

"Chikole sayeza ndi mita, Mahmud. Komanso chithunzi chija, mkazi wanga akufunsa kuti iye unamusiya kuti." Che Idrissa anatembenukira kumbuyo. "Hanifa. Wamva wekha. Walandira?"

Gilson anamuyang'ana m'maso, ndipo ulendo uno sanathawitse nkhope.

"Sindinalandire, amalume," anatero Hanifa.

Mahmud anamwetulira.

"Sindinakanenso."

Che Idrissa anawayang'ana onse atatu mmodzimmodzi, ngati akuona nsalu imene ingasuluke pochapa. Kenako anatsegula kabati ya pansi pa kauntala, anaikamo foniyo, n'kukhoma. Kiyi anaiponya m'thumba la mkanjo.

"Akwawo a Mahmud ndawaitana kale kuti abwere Loweruka m'mawa, ndipo sindingawabweze popanda chifukwa chooneka ndi maso. Ndiye amalume anuwo ndikuwafuna pano mawa, tikangotuluka ku Juma. Akafika, tikambirana. Akapanda kufika, Loweruka ndilandira alendo anga, ndipo katundu wanuyu mudzamupeza kwa wogulitsa nthochi panjapo."

"Mawa m'mawa ndili ndi mayeso, bambo."

"Kalembeni. Ine ndaitana amalume anu, sindinaitane mayeso."

"Chabwino. Ndiwaimbira lero lomwe kuti akwere minibasi ya m'mamawa."

Atangotero, anazindikira vuto. Nambala ya a Douglas. Inkayamba ndi ziro, kenako eyiti kapena naini. Kupitirira apo kunali mdima. Anayesa ya msuweni wake, ya abusa a kumudzi, ya Hanifa yemwe. Panalibe nambala ndi imodzi yomwe imene ankaidziwa pamtima.

"Bambo, mungandilole ndione nambala imodzi yokha? Ndilemba papepala, ndibweza pompano."

Che Idrissa anavalanso magalasi n'kutenga lumo.

"Mukaigwira, mwaitenga."

Mahmud anaseka mokweza, makiyi akulira m'manja.

Gilson anatuluka. Ali pakhonde anamva mapazi kumbuyo. Hanifa anali atabwera kudzakutumula chitenje, ndipo anayankhula osamuyang'ana, mawu ali pansi.

"Wayankhula bwino. Sindimadziwa kuti uli ndi mawu otere."

"Hanifa..."

"Usasangalale. Masiku asanu aja sanathe, latsala limodzi, ndipo ukangoonekanso pa intaneti ndimva. Komanso ukathawa mayeso chifukwa chokatenga amalume, usabwere nawo kuno. Sindikufuna mwamuna amene adzanene kuti anamuwida chifukwa cha ine."

Anapinda chitenjecho n'kulowa.

Gilson anaima m'mbali mwa msewu. Dzuwa linali litapendekera kuphiri. Kwa a Douglas kunali ulendo wa minibasi mpaka pa Jali, kenako maola awiri a njinga m'njira ya fumbi. Wopita madzulo ano sakanabwerera mayeso asanayambe. Ku Chikanda kunali mitu itatu ya masamu imene anali asanaigwire. Ndipo pabedi la Elvis panali laputopu. Manambala onse a m'foni yake anasungidwanso pa intaneti, pansi pa dzina lake. Kulowa, kukopera nambala, kutuluka. Ntchito ya mphindi imodzi, ndipo mwina Hanifa sakanadziwa.

Koma Gilson ankaidziwa bwino mphindi imodzi yake.